Kanema wa Pakhoma ku Mubaira: Momwe Tingayesere Pulojekita Yaing'ono

M'mashopu a zipangizo zamagetsi, komanso m'magulu a malonda a pa WhatsApp ndi Facebook, masiku ano mwadzaza timapulojekita tating'ono totha kulowa m'chikwama. Wogulitsa amalonjeza zinthu zitatu: chithunzi chachikulu kuposa cha TV, mafilimu a pa intaneti popanda kulumikiza chipangizo china, ndiponso magemu odzaza khoma lonse. Malonjezowa si abodza, koma lililonse lili ndi malire ake. Malirewo amaonekera msanga kumalo ngati Mubaira, tauni yaing'ono ya malonda ya ku Mhondoro m'boma la Chegutu, kumene magetsi amatha kuthima tsiku lonse, data ndi yokwera mtengo, ndipo fumbi la m'chilimwe limalowa ngakhale m'nyumba yotseka.

Funso lagona pati

Pulojekita yonyamulika imasiyana ndi ija tinazolowera m'makalasi ndi m'matchalitchi. Ndi yopepuka, nyale yake ndi ya LED kapena ya laser, ili ndi sipika yakeyake, ndipo mkati mwake muli kakompyuta kakang'ono koyendetsa mapulogalamu monga YouTube. Zina zili ndi batire, zina ayi. Anthu ambiri amene amayesa zipangizozi n'kulemba maganizo awo amakhala ku Ulaya, ku America kapena ku Asia, m'nyumba za magetsi osathima ndi intaneti yopanda malire. Zimene iwo amaika patsogolo sizifanana kwenikweni ndi zimene banja la ku Mubaira, ku Rimuka mu Kadoma kapena ku Pfupajena mu Chegutu liyenera kuika patsogolo.

Pali mfundo imodzi yomwe zina zonse zatsamirapo. Pulojekita imatulutsa kuwala kokha, siingatulutse mdima. Malo akuda amene mumaona pa chithunzi ndi khoma lomwe lasiyidwa osawalitsidwa. Ngati m'chipindamo mukulowa dzuwa, khomalo limakhala lowala kale, ndipo chakuda chimasanduka chotuwa. TV ilibe vuto limeneli chifukwa galasi lake ndi lakuda mwachibadwa. Choncho ubwino wa chithunzi cha pulojekita umachokera mbali ziwiri, ku makinawo ndi ku chipinda. Wogula amene sanaganizire za chipinda chake wayesa theka lokha la nkhani.

Kumene kanema wa pakhoma anachokera

Kuonera kanema pa chinsalu usiku si chinthu chachilendo m'dera lino. M'nthawi ya atsamunda, anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide yozungulira Gatooma ndi Hartley, omwe lero ndi Kadoma ndi Chegutu. Ena anabwera okha wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Anakhazikika ku migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, ndipo ana ndi adzukulu awo ndiwo asunga Chichewa ndi gule wamkulu m'makomboni a kumeneko mpaka lero. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amawerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

M'makomboni a migodi munkaonetsedwa bayisikopu, ndipo mafilimu a anyamata okwera akavalo a ku America ankakondedwa kwambiri. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, lomwe linkajambula mafilimu a anthu akuda a m'maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, mpaka chitaganya cha maikowa chinatha mu 1963. Magalimoto onyamula pulojekita, jenereta ndi chinsalu ankazungulira m'midzi. Mafilimuwo ankaphunzitsa zaulimi, zaukhondo ndi kumvera boma, ndipo pambali pankaima womasulira wofotokoza m'chilankhulo cha oonera. Cholinga cha boma la atsamunda chinali chake, koma anthu anatengapo chizolowezi chimodzi chomwe chinakhalitsa: kanema amaonera pagulu, dzuwa litalowa.

Wailesi yakanema inayamba ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, mu 1960, pamene ku Malawi inadikira mpaka 1999. Pakati pa zaka zimenezi ndi pambuyo pake panabwera nyumba za vidiyo, kumene anthu amalipira pakhomo n'kuthithikana kutsogolo kwa TV imodzi. Kenaka foni inapatsa aliyense kanema wake m'manja. Pulojekita yaing'ono ikubweza nkhani kumene inayambira, pa khoma limodzi ndi anthu ambiri, ndipo mphamvu yake yeniyeni ili pamenepo.

Zimene zili mkati mwa kabokosi

Njira zopangira chithunzi ndi zitatu, ndipo mtengo umatsatira njirazi.

Zotchipa kwambiri, monga zija za dzina la HY300 zomwe zafala m'misika yambiri, zili ndi kagalasi kamodzi ka LCD. Nyale ya LED imawalitsa kumbuyo kwa kagalasiko, ndipo lenzi imakulitsa chithunzi n'kuchiponya pakhoma. Kuwala kochuluka kumathera m'kagalasi momwemo n'kusanduka kutentha, n'chifukwa chake fani yake imalira kwambiri pamene chithunzi chili chofooka. Kawirikawiri pakati pa chithunzi pamaoneka bwino koma m'ngodya mumakhala mwachimbuuzi.

Njira yachiwiri ndi DLP, yomwe inachokera ku kachipangizo kamene Larry Hornbeck anapanga ku kampani ya Texas Instruments mu 1987. Pa kachipangizoka pali timagalasi ting'onoting'ono miyandamiyanda, ndipo kalikonse kamapendekeka kambirimbiri pa sekondi imodzi, kutumiza kuwala ku lenzi kapena kukupatutsa. Mapulojekita ambiri onyamulika a Anker Nebula, XGIMI, BenQ ndi Samsung amagwiritsa ntchito njira imeneyi. Chithunzi chake chimakhala chakuthwa mpaka m'ngodya, ndipo njira ya kuwala nthawi zambiri imakhala yomata moti fumbi silifika msanga. Chovuta chake n'chakuti mitundu imatuluka motsatizana, wofiira, wobiriwira, wabuluu, ndiye anthu ena akagwedeza maso amaona timizere ta utawaleza m'mbali mwa zinthu zoyera. Ena sationa n'komwe. Munthu aliyense ayenera kuyesa ndi maso ake.

Njira yachitatu ndi ya magalasi atatu a LCD, lililonse la mtundu wake, yomwe imadziwika kwambiri ndi Epson. Mitundu yake imakhala yowala ndipo utawaleza uja palibe, koma makina ake amakhala okulirapo ndipo ambiri alibe batire.

Kuwala, pamene ogula ambiri amapusitsidwa

Kuwala kwa pulojekita kumayezedwa m'malumeni. Muyezo wodalirika ndi wa ANSI, kapena mnzake wa ISO 21118. Amaponya chithunzi choyera, n'kuyeza kuwala pa malo 9 osiyana a chinsalu, n'kupeza nambala ya pakati. Vuto n'lakuti pa mabokosi ambiri pamalembedwa nambala zina. Ena amalemba kuwala kwa nyale yokha isanadutse m'magalasi. Ena amalemba "LED lumens", ena "lux", ena amangolemba 9,000 popanda kunena kuti ndi 9,000 wa chiyani. Kapulojekita kotchipa kolembedwa masauzande otere nthawi zambiri sikafika ngakhale malumeni 300 a ANSI. Ngakhale makampani otchuka ali ndi nambala ziwiri: Samsung The Freestyle, yomwe inatuluka mu 2022, inalengezedwa ndi 550 ya "LED lumens", pamene pa muyezo wa ANSI ndi 230.

Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Mu 2020 Epson inasumira ogulitsa angapo a pa Amazon ku America, kuphatikizapo Vankyo, powaimba mlandu wokokomeza kuwala kwa katundu wawo. Mu 2023, pa mlandu wina ndi Epson, XGIMI inavomera kutsitsa nambala ya pulojekita yake ya Horizon Pro kuchoka pa 2,200 kufika pa 1,500. N'zoona kuti Epson ndi wopikisana nawo pa malonda ndipo ili ndi phindu lake pa milanduyi. Komabe zotsatira zake zathandiza wogula, chifukwa zaonetsa poyera kuti nambala yopanda dzina la muyezo siyenera kukhulupiriridwa.

Nanga malumeni angati ndi okwanira? Yankho limadalira kukula kwa chithunzi. Kuwala kwa pulojekita kuli ngati supuni imodzi ya shuga: m'kapu ya phala imakoma, mu mphika wonse siimveka. Mukachulukitsa kawiri kutalika kwa chithunzi, malo ake amakula kanayi, ndipo kuwala kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Chithunzi cha mainchesi 100, poyeza mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya inzake, chimakhala mamita pafupifupi 2.2 m'litali ndi 1.25 m'lifupi. M'nyumba zoonetsera mafilimu muyezo wa kuwala kwa chinsalu ndi ma nit 48, ndipo mmenemo mumakhala mdima wa ndiweyani. Kuti chithunzi cha mainchesi 100 pa khoma loyera chifike pamenepo, pamafunika malumeni a ANSI opitirira pang'ono 400. Pulojekita ya malumeni 200 imapereka ma nit pafupifupi 23 okha pa kukula kumeneku, theka la zofunika. Koma mukaisendeza pafupi n'kuchepetsa chithunzi kufika mainchesi 60, ma nit amakwera kupitirira 60, ndipo chithunzi chimakhala chokoma ndithu. Poyerekeza, TV wamba imapereka ma nit 200 kapena kuposerapo, n'chifukwa chake imaoneka masana.

Apa maganizo anga ndi osabisa: pulojekita yaing'ono ya malumeni 200 mpaka 300 ndi ya mainchesi 60 mpaka 80, usiku. Amene akufuna kuonera mpira wa 3 koloko masana, monga wa Ngezi Platinum Stars yomwe inatenga ligi ya Zimbabwe mu 2023, ayenera kutseka mazenera ndi makatani okhuthala, kutchinga mipata ya pakati pa khoma ndi malata, ndi kulolera kutentha kumene kudzatsatira. Apo ayi agule TV.

Khoma nalonso lili ndi gawo lake. Loyera, losalala, la penti yosanyezimira ndilo labwino. La njerwa zosapaka pulasitala limameza kuwala ndipo mizere ya simenti imaonekera pa nkhope za anthu. Penti yachikasu kapena yabuluu imasintha mitundu yonse. Nsalu yoyera ya pabedi imathandiza ikakokedwa bwino, koma yopyapyala imadutsitsa kuwala kumbuyo, choncho ndi bwino kuika nsalu yakuda kumbuyo kwake. Mtunda uyeneranso kuyezedwa musanagule. Mapulojekita ang'onoang'ono ambiri amafuna mamita 1.2 pa mita iliyonse ya litali la chithunzi, ndiye mainchesi 100 amafuna mamita oposa 2.6 opanda mpando kapena mutu wa munthu pakati.

Timadontho ta chithunzi

Apa chenjezo ndi lalifupi. Mawu oti "4K supported" pa bokosi amangotanthauza kuti makinawo amalandira kanema wa 4K, kenaka amamuchepetsa kuti akwane m'timadontho take tenitenito. Funsani nambala ya timadontho tomwe tilipodi, imene m'mapepala amalemba kuti native resolution. Ya 854 x 480 imaonetsa timabokosi ndipo zolemba zing'onozing'ono sizimawerengeka. Ya 1280 x 720 ndi yokwanira pa mafilimu ndi mpira mpaka mainchesi 70 kapena 80. Ya 1920 x 1080 ndiyo yoyenera magemu amakono, omwe ali ndi mayina a osewera, mamapu ndi manambala ang'onoang'ono m'ngodya. Pakati pa chithunzi chowala cha 720 ndi chofooka cha 1080, maso a anthu ambiri amasankha chowala.

Magemu ndi kuchedwa kwa chithunzi

Pa filimu, ngati chithunzi chachedwa ndi kachigawo ka sekondi, palibe amene amadziwa. Pa gemu ndi nkhani ina. Wosewera amadina batani, konsolo imawerengera, n'kutumiza chithunzi, ndipo pulojekita imachikonza isanachiponye pakhoma. Nthawi yokonzayi imayezedwa m'mamilisekondi. Gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi mamilisekondi 16.7 aliwonse. TV yabwino ikaikidwa pa Game Mode imachedwa mamilisekondi 10 mpaka 20. Mapulojekita onyamulika abwinoko amakhala pakati pa 30 ndi 60, ndipo otchipa ena amapitirira 100. Pa 100, chimene mukuona pakhoma chinachitika kale zithunzi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pa gemu ya mpira ya EA Sports FC, yomwe ambiri akuitchulabe FIFA, mumaponya mpira mdani atatseka kale njira. Pa Mortal Kombat mumatchinga nkhonya itakufikani. Magemu oyenda modekha, a nkhani kapena a ana, amaseweredwa bwinobwino ngakhale pa 60 kapena 70.

Kuchedwaku kuli ndi magwero odziwika. Choyamba ndi kuwongola chithunzi. Pulojekita ikaikidwa pambali kapena mopendekeka, chithunzi chimatuluka chokhota, ndipo kakompyuta ka mkati kamachiwongola ndi njira yotchedwa keystone. Ntchito imeneyi imadya nthawi, imatayanso timadontho ndi kuwala, ndipo m'makina ambiri Game Mode yachangu imagwira pokhapokha keystone itazimitsidwa. Wosewera magemu aike pulojekita moyang'anizana ndi pakati pa khoma, pa tebulo lolingana bwino. Chachiwiri ndi kutumiza chithunzi cha foni kudzera pa Wi-Fi, komwe kumachedwetsa kwambiri moti sikuyenera magemu. Chachitatu ndi sipika ya Bluetooth, yomwe imatha kuchedwetsa mawu ndi mamilisekondi oposa 100, ndipo mfuti imalira chipolopolo chitafika kale. Chingwe cha HDMI ku konsolo ndi chingwe cha mawu ku sipika zimathetsa mavuto awiri omalizawa. N'chifukwa chake pulojekita yopanda polowetsa HDMI ndi potulukira mawu a chingwe siyenera kuganiziridwa n'komwe.

Magemu oseweredwa kudzera pa intaneti popanda konsolo, omwe makampani ena amatsatsa pamodzi ndi mapulojekita awo, amadalira makompyuta okhala kutali ndi intaneti yosadukaduka. Kwa munthu wa ku Mhondoro wodalira bandulo ya foni, chimenechi si chifukwa chogulira.

Magetsi

Zimbabwe imadalira kwambiri Kariba ndi Hwange. Kumapeto kwa 2022 madzi a ku Kariba anatsika moti bungwe la Zambezi River Authority linauza Zimbabwe kuti madzi ake opangira magetsi atha, ndipo m'madera ambiri magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, koma chilala cha 2024 chinabweretsanso mavuto. Nthawi zambiri magetsi a kampani ya ZESA amabwera pakati pa usiku n'kuchoka m'mamawa, ndiye maola a madzulo, omwe pulojekita imafunika, ndiwo amakhala a mdima. Mdimawo ndi wabwino pa chithunzi, bola pakhale pochokera mphamvu.

Batire la mkati limakhala maola awiri kapena awiri ndi theka, ndipo makina ambiri amachepetsa okha kuwala akachotsedwa pa soketi. Masewera a mpira, kuwerengera kupuma ndi nthawi yowonjezera, amatenga pafupifupi maola awiri. Batire likayamba kukalamba silifika kumapeto. Chofunika kwambiri kuposa batire la mkati ndi kuona ngati pulojekita imalandira mphamvu kudzera pa USB-C, chifukwa yotero imatha kuyenda ndi power bank yamphamvu. Power bank ya 20,000 mAh imasunga pafupifupi ma watt-hour 74, ndipo pulojekita ya mawati 40 mpaka 50 imaimaliza pa ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo.

Kwa amene ali ndi sola, masamu ake ndi osavuta. Batire la 12V la 100Ah limasunga ma watt-hour 1,200. Ngati ndi la asidi kapena la gel, theka lokha ndilo loyenera kugwiritsidwa ntchito kuti lisafe msanga, ndiye kuti 600. Mukachotsapo zotayika mu inveta, pulojekita ya mawati 50 ingayende maola pafupifupi 10 ikakhala yokha. Koma siikhala yokha. Pali dikoda, sipika, mababu ndi mafoni ochajidwa. PlayStation 5 yokha imadya mawati pafupifupi 200 ikamaseweredwa, kuwirikiza kanayi pulojekita. Pa magemu, konsolo ndiyo imamaliza batire.

Ena amati pulojekita imapulumutsa magetsi kuposa TV. Zimenezi n'zoona poyerekeza ndi TV ya mainchesi 65, yomwe imadya mawati 100 kapena kuposerapo. TV ya mainchesi 32 imadya mawati 30 mpaka 50, chimodzimodzi ndi pulojekita yaing'ono. Pomaliza, magetsi akamabwerera atathima amatha kubwera mwamphamvu, ndipo nyengo ya mvula imabwera ndi mphenzi. Kachipangizo kotetezera pa soketi ndi kotchipa kuposa kugula ina, ndipo kuzula pulagi mvula ya ziphaliwali ikayamba n'kwaulere.

Intaneti ndi mapulogalamu a mkati

Mbali imene ogulitsa amatamanda kwambiri ndiyo yochepa phindu kuno. Netflix imadya pafupifupi 1 GB pa ola pa chithunzi wamba, ndipo mpaka 3 GB pa chithunzi cha HD. Filimu imodzi ya maola awiri ingamalize bandulo ya Econet kapena NetOne yomwe banja limayembekezera kuti ikhale masiku angapo. Starlink inayamba kugwira ntchito ku Zimbabwe mu 2024 ndipo yasintha zinthu kwa masukulu, mashopu ndi mabanja ena a kumidzi, koma imafuna ndalama zogulira zipangizo, zolipira mwezi ndi mwezi, ndiponso magetsi ake. Kwa ambiri, kanema adzachokera ku dikoda ya DStv kudzera pa HDMI, ku laputopu, kapena ku fulashi. Choncho yesani ngati pulojekita imawerenga fulashi, imatsegula mafayilo a MP4 ndi MKV pamodzi ndi mawu ake, ndiponso imaonetsa mawu olembedwa m'munsi.

Palinso kusiyana pakati pa Google TV kapena Android TV yovomerezeka ndi Android wamba wa foni amene wangoikidwa m'pulojekita. Netflix ndi anzake amateteza mafilimu awo ndi njira yotchedwa Widevine. Chipangizo chovomerezeka pa mlingo wa L1 chimalandira HD. Cha mlingo wa L3 chimapatsidwa chithunzi chochepa cha mizere 480, ngakhale makinawo atakhala a 1080. Mapulogalamu ena amakana kutseguka, ena amafuna mbewa ya kompyuta chifukwa anapangidwira kukhudza ndi chala.

Nkhani ina ndi yachitetezo. Mu June 2025 bungwe la FBI la ku America linachenjeza za pulogalamu yoipa yotchedwa BADBOX 2.0, yomwe imapezeka m'zipangizo zotchipa za Android zosavomerezeka, kuphatikizapo mapulojekita. Nthawi zina imakhala itaikidwa kale chipangizo chisanagulidwe. Imagwiritsa ntchito intaneti ya mwini nyumba pa zochita za akuba, ndipo imadya data mwakachetechete. Njira yosavuta ndiyo kusalumikiza pulojekita yosadziwika dzina ku Wi-Fi, kusalowetsamo akaunti ya Google, ndi kuigwiritsa ntchito ndi HDMI basi. Mapulogalamu a mkati amakalamba m'zaka zochepa, pamene polowetsa HDMI pamagwirabe ntchito, ndipo kachipangizo kovomerezeka koonerera pa intaneti kangagulidwe padera nthawi ina iliyonse.

Fumbi ndi kutentha

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, misewu ya fumbi ya ku Mhondoro imatumiza fumbi m'nyumba iliyonse. Pulojekita imakoka mpweya ndi fani kuti izizizire, ndipo fumbi limalowera pomwepo. M'zija za kagalasi kamodzi ka LCD, fumbi limakhala pa kagalasiko n'kuoneka pakhoma ngati madontho otuwa osasuntha. Mpweya ukatsekeka, kutentha kumawotcha kapepala kosefa kuwala, ndipo pa chithunzi pamatuluka banga lachikasu lomwe limakula n'kusanduka lofiirira. Banga limenelo silipukutika. Kutentha kwa October pansi pa denga la malata kumafulumizitsa zonsezi. Osaika pulojekita pa bulangeti kapena pa matiresi, osatseka timabowo ta mpweya, ndipo ikazizira isungidwe m'chikwama chake. Okonza mafoni ndi ma TV a m'tauni angasinthe fani kapena chaja, koma zipangizo za mkati mwa lenzi sizipezeka wamba.

Zimene anthu akutsutsanabe

Mkangano waukulu ndi wa pulojekita ndi TV. Okonda TV amati pa ndalama zofanana mumapeza chithunzi chowala nthawi iliyonse, mitundu yakuya, kuchedwa kochepa pa magemu, ndi makina opanda fani. Pa mfundo zimenezi akunena zoona, ndipo palibe woyesa wodalirika amene amatsutsa. Okonda pulojekita amati TV ya mainchesi 80 ndi yodula, yolemera, yosweka msanga pa msewu wa mabampu, ndipo siingabisike kwa akuba kapena kunyamulidwa kupita ku tchalitchi, ku sukulu, ku ukwati. Iwonso akunena zoona. Kwa banja lomwe likugula chipangizo chimodzi chokha choonerapo tsiku ndi tsiku, TV ndiyo yanzeru. Kwa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, gulu la achinyamata, kapena banja lokhala ndi TV kale lomwe likufuna kuti anthu makumi awiri aonere limodzi Neria kapena Seasons of a Life ya Shemu Joyah pabwalo, pulojekita imachita zimene TV siingachite.

Mkangano wachiwiri ndi wa maso. Otsatsa amati kuwala kochokera pakhoma n'kofatsa kuposa kwa galasi. Chodziwika n'chakuti chithunzi cha pulojekita n'chosawala kwambiri ndipo chimaonedwa patali, zomwe zimachepetsa kutopa kwa maso poyerekeza ndi foni yogwiridwa pafupi ndi nkhope. Zoti pulojekita imateteza ana ku matenda a maso ndi mawu a malonda. Malangizo a World Health Organization a 2019, akuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku akuonera kanema, sasiyanitsa khoma ndi galasi. Chenjezo losatsutsika n'lakuti mwana asasuzumire mu lenzi ikuyaka, makamaka ya laser.

Wachitatu ndi wa moyo wa nyale. Mabokosi amalemba maola 20,000 mpaka 30,000. Pa maola anayi pa tsiku, 20,000 ndi zaka zoposa 13. Nambalayi ndi ya LED yokha. Fani, batire, rimoti ndi kagalasi ka LCD zimafa kale nyale isanatope.

Kuyesa musanalipire

Pitani ku shopu ndi fulashi yanu. Muikemo chithunzi choyera chokhachokha, chakuda chokhachokha, tsamba la zolemba zing'onozing'ono, ndi kachigawo ka filimu ya usiku. Choyera chimaulula madontho a fumbi, mabanga achikasu ndi ngodya zamdima. Chakuda chimaonetsa mmene makinawo amatayira kuwala. Zolemba zimaonetsa ngati pakati ndi m'ngodya zikuwerengeka nthawi imodzi. Pemphani kuti chithunzi chikulitsidwe kufika pa kukula kumene mudzaonere kwanu, chifukwa pa mtunda wa mita imodzi pulojekita iliyonse imaoneka yowala. Zulani chingwe cha magetsi muone mmene kuwala kukutsikira pa batire. Tsitsani mawu mumve kulira kwa fani.

Kuchedwa kwa chithunzi kungayesedwenso popanda chipangizo chapadera. Lumikizani laputopu ndi HDMI kuti ionetse chimodzimodzi pa galasi lake ndi pakhoma, tsegulani wotchi yowerenga mamilisekondi, ndipo jambulani zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi cha foni. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukupatsani chithunzithunzi cha mmene pulojekita ikutsalira. Bwerezani keystone itayatsidwa ndiponso itazimitsidwa.

Amene akufuna kulipiritsa anthu pakhomo adziwe kuti kuonetsa filimu kapena mpira pagulu kuli ndi malamulo ake. Ku Zimbabwe kuli lamulo la Copyright and Neighbouring Rights Act, ndipo DStv ili ndi malipiro osiyana a malo a bizinesi. Ndalama zimenezi ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa makina.

Katundu wobwera ndi malaicha, anthu onyamulira ena katundu kudutsa malire, kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge amatha kutsika mtengo, koma akafa pa mwezi wachitatu palibe kobwezera. Pogula m'shopu ya ku Kadoma, Chegutu kapena Harare, risiti ilembedwe dzina la pulojekita, nambala yake, ndi kutalika kwa nthawi imene wogulitsa walonjeza kusintha kapena kukonza. Onaninso pulagi ya chaja: zina zimabwera ndi ya mano awiri opyapyala, yomwe siigwira bwino m'masoketi a mano atatu, ndipo adaputa yogwedera imathetheka n'kuwotcha chaja.